Banyira wa pa Foni

Lolemba
Akazi anga ali ku Lilongwe kukagulitsa nsomba. Njala. Ndikuitanitsa chambo ndi tchipisi pa apu yazakudya yafika kumeneyi. Yalemba kuti kubweretsa n'kwaulere. M'munsi muli mawu oti "tipu". Ameneyu ndi banyira wachizungu, sindikukayika, ndiye ndikudina wamkulu kwambiri. Chambo chafika chimodzi chokha. Banyira palibe. Ndalama zomwe anandisiyira zogulira magetsi zatha psiti! Ndikawasumira anthu amenewa, ndalamazo zibwerere mayi asanafike.

Lachiwiri
Zomwe andidula:
ya ntchito,
ya mtunda,
ya msewu wamchenga (mchengawo ndinathira ine?),
ya tipu.
Ulere uja uli pati? Akuti kunja anthu akusumira ma apu otere. Ku Salima woyamba ndikhala ine.

Lachitatu
Ndili ku boma kwa a Mbewe, omwe kale ankagwira ntchito kukhoti. Akuseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, tipu ndi banyira ndithu, koma wopereka ndi wogula." Manyazi andigwira. Akufuna umboni wa chakudyacho. Minga ndinaikwirira kuseri kwa bafa kuti mayi asadzaione. Galu wafukula kale.

Lachinayi
Mboni yanga ndi wakabaza amene anabweretsa chambo. "Bwana, tipu yanuyo ine sindinaionepo." Akundiyang'ana momvetsa chisoni. Ndamupatsa ya zakumwa. Tipu ndalipira kawiri tsopano.

Lachisanu
Magetsi athima. Mumdimamu nzeru zabwera: kukhoti adzanena poyera kuti mwamuna wa mayi wogulitsa nsomba, wokhala m'mphepete mwa nyanja, anagula chambo pa foni. Koma wakabaza wandipeputsira ntchito, doko lonse lamva kale. Asodzi akundipatsa moni kuti "a Tipu".

Loweruka
Mayi afika. Ayang'ana mita yamagetsi, kenako ayang'ana ine. Sakukalipa, ndiye ndikuopa kwambiri. "Chinakoma chambocho? A pa lesitilanti aja amagula kwa ine." Ndiye kuti ndinagula nsomba ya m'nyumba mwanga momwe, itazungulira pa njinga yamoto.

Lamulungu
Mlandu ndauthetsa ndekha. Apu ndachotsa. Magetsi agula mayi. Masana andikazingira chambo, pambali aikapo kamutu kena. "Banyira wanu uyo, abambo. Kubweretsa n'kwaulere. Tipu yanga ndi mbale."
Ndikutsuka mbale. Mapoto akuti ndi a mtunda.