Eyakoni ya Alamu ndi Matemba Anga

Lolemba
Mvula sikukata. Matemba anga oumika kale ayamba kufewa m'matumba chifukwa cha chinyezi. Mayi wa ku Limbe amene amandigula abwera Loweruka. Akangonunkhiza chuku, basi, kasitomala wapita. Koma ine si munthu wamba: alamu a ku Joni anandisiyira eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba! Akuti imayamwa chinyezi m'chipinda n'kuchilavulira panja ngati madzi.

Lachiwiri
Ndaboola khoma la chipinda cha matemba, ndaiika, ikulira. Kapaipi kakudontha, ndatchera ndowa. Alamu pa foni: "Lamulo ndi limodzi, chitseko chizikhala chotseka." Zophweka!

Lachitatu
Odi! Ndi Che Bwanali, akuluakulu a kumzikiti, akuti adzangoona. Munthu wamkulu sabwezedwa pakhomo, ndipo kudzitsekera naye m'chipinda anthu angati tikudya miseche. Chitseko chili pululu. Olowa: achimwene awo, asodzi awiri a ku chilumba cha Chisi onyowa mpaka m'chiuno, ndi mbuzi ya eni ake.

Lachinayi
Apongozi amva kuti makinawa amaumitsa zinthu. Afika ndi beseni pamutu. Pamwamba pa matemba anga tsopano pali chingwe: zitenje, matewera a mdzukulu, bulangete likudontha. Ndinene chiyani? Ine mkamwini, nyumbayi ili pamalo pawo. Ndawathandiza kuyanika.

Lachisanu
Potuluka kumzikiti gulu lonse lakhotera kuno. Akuti kukuzizira, ndiye mayi a kunyumba akuwiritsa tiyi m'kati momwemo. Nthunzi tolo! Ndowa ikungosefukira. Alamu akukalipa pa foni kuti ndikufuna kuumitsa nyanja yonse ya Chilwa. Che Bwanali amva, nkhope yagwa: "Muzimitseko, nyanjayi inaumapo kale. Musatiphere ntchito."

Loweruka
Mayi wa ku Limbe wafika. Wakhala pansi kaye, wapuma, wayamikira kamphepo. Kenako wapisa dzanja m'thumba, wanunkhiza. "Achimwene, awa ndi matemba kapena phala?" Wakagula kwa ena ku doko la Kachulu, wakwera minibasi. Mtima ukundiwawa zedi.

Lamulungu
Abakha a apongozi akhuta matemba oonongeka aja, akuyenda mopepesuka. Lero lokha ndatseka chitseko. M'chipinda mwauma gwa, monga alamu ananenera, koma mulibe choumitsa. Ndikungokhala ndi eyakoni yanga.

Wina akugogoda. Ndi apongozi. Akuti bulangete lija linauma bwino kwambiri, abweretsa linzake.

Ndatsegula.