Kompaila Pamaso pa Ankhoswe

Inu amene mukukodolana kumbuyoko, ndakuonani. Mukuti nkhalamba ya ku Zakazaka ingadziwe chiyani za makompyuta? Khalani pansi. Ine ndinatayipa makalata a boma muno mu Zomba mpaka zala zinkatayipa zokha ndili m'tulo, ndipo nditapuma pantchito ndinaika kompaila mu laputopu ndi manja awiri omwewa.

Kompaila, kwa inu osadziwa, ndi womasulira: iwe ulemba malamulo ako, iye awatembenuza kuti makina amve. Anandiuza za iye ndi mphunzitsi wina wa ku yunivesite amene timapemphera naye, nati ngwaulere. Waulere? Ndinawayang'ana bambowo kuyambira kumutu mpaka kunsapato, chifukwa m'tauni muno ngakhale wokulozera njira amayembekeza kanthu. Ndinati ndikadzionere ndekha.

Kompailayo anali wochita kukopa pa intaneti, koma netiweki kwathu inali yofooka, choncho ndinakwera phiri la Zomba wapansi, laputopu kumsana, ndipo pamwamba paja nkhungu inali yokhuthala moti ndinachita kuing'amba ndi manja kuti netiweki idutse, anyani atandizinga kuwerenga nane mapesenti, ogulitsa masitiroberi atasiya malonda, ndipo titafika pa nainte naini mphepo inaomba n'kubweza zonse, ine n'kuyambiranso, masiku atatu! Mukumva? Ndinamuika m'makina pathanthwe pomwepo, ndipo potsika laputopu inalemera ngati thumba la simenti, wakabaza mpaka kukana kundinyamula.

Tsoka linkandidikira kunyumba. Akazi anga, aNasibeko, anandimva ndikuuza mphunzitsi uja pafoni kuti, "Kompaila uja ndamupeza kuphiri, sanandivute, ndipo akuti amamva chilichonse chimene ndingamuuze." Sanandifunse kanthu. Anamanga katundu wawo, naitana ankhoswe.

Loweruka m'mawa ankhoswe awiri anakhala pakhonde, nkhope zili gwa. Wamkuluyo anati, "Bambo, Kompailayu ndi mwana wa yani? Kwawo n'kuti?"

Ndinati ali m'makinamu. Anayang'anana. Winayo anatembenuza laputopu kufuna chithunzi chake. ANasibeko anati, "Ngati si mkazi, alankhule tonse timve."

Ndinalemba kapulogalamu kakafupi m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, kouza makina kuti alembe dzina la akazi anga, ndipo ndinadina batani. Abale inu, kompaila uja anandikana pamaso pa anthu! Anatulutsa madandaulo, mzere pamwamba pa mzere, mpaka anasefukira pa sikirini, kugwera patebulo, kuyenderera pakhonde, nkhuku n'kuyamba kuwajompha, ankhoswe n'kukweza miyendo, wamkulu uja n'kupukusa mutu amvekere, "Munthu wokwiya chonchi ndiye kuti munamulonjeza kanthu."

Thukuta linadzaza nsapato zanga. Ukwati wa zaka zonsezi unali kutha ndikuona, pakhonde panga pomwe. Ndinavula jekete, ndinamuyang'ana kompaila osaphethira, ndinamukalipira m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chilomwe mpaka agalu a ku Malosa anayankha, ndinadinanso, ndipo madandaulo onse aja anakwera okha patebulo n'kubwerera m'makina mwamanyazi, ngakhale amene anali kale m'mimba mwa nkhuku, pa sikirini n'kutsala liwu limodzi lokha: NASIBEKO. Mukundimva? Ankhoswe anaimirira n'kundigwira chanza. Katundu anamasulidwa tsiku lomwelo.

Mukuti bodza? Pitani mukawafunse aNasibeko eni ake, ali moyo. Kungoti musakachedweko, chifukwa iwo nkhaniyi amaikamba mwanjira ina. Amati pamene ine ndinkakalipa m'Chilomwe, iwo anasuzumira paphewa panga, naloza pa sikirini n'kunena kuti, "Mzere wapansiwu uli ndi kadontho ka mchira kumapeto. Nanga wa dzina langawu bwanji ulibe?"

Chabwino, kadonthoko ndinakaikadi. Koma amene anadina batani ndine.