Matumba a Aphulusa

Munthu amene anatinamiza mumsewu wathu kwa zaka khumi ndi ziwiri tinkamutchula kuti Aphulusa, ndipo ndineneretu kuti ine sindinawakhululukire. Dzina lawo lenileni tinalimva koyamba pamaliro, mpaka ena tinayang'anana kuti kapena tasochera.

Aphulusa sankatha kudutsa phulusa osaima. Dzuwa likangotuluka umamva wilibala yawo ikulira kwii kwii, kenako kugogoda pageti.

"Odi aneba! Chitofu chadzuka bwanji?"

Osati inuyo, osati ana. Chitofu. Ankalowa mpaka kukhitchini, kugwada, kutsegula kachitseko ka chitofu cha nkhuni, n'kutapa phulusa ndi zala, kulinunkhiza.

"Mwawotcha pulasitiki muno."

"Kapepala ka switi kamodzi kokha."

"Kamodzi? Mwapha phulusa la tsiku lonse ndi kapepala kamodzi!"

Akatero ankakhala pampando kuti mtima utsike, ndipo mtima wawo sunkatsika popanda tiyi. Pochoka, theka la phulusa m'wilibala, theka kukusiyirani.

Tinkawapirira chifukwa cha dimba la kuseri kwa nyumba yawo. Tomato wake ngati zibakera, kabichi wofuna anthu awiri pomunyamula. Ukafunsa chinsinsi ankangoloza wilibala.

"Phulusa basi. Osaumira. Thirani mpaka nthaka iyere ngati mutu wangawu."

Ife tinathira. Atelala a pakona anathira, anyezi wawo n'kutuluka ngati mabatani a malaya. Aphunzitsi opuma ntchito ankayeza phulusa pasikelo n'kumalemba m'kope, koma kaloti wawo ankachita kumufunafuna atavala magalasi. Ine ndinathira zaka zitatu. Nthaka inauma gwa ngati simenti, masamba a tomato onse chikasu. Nditawadandaulira, anayang'ana dimba langa kwa nthawi, akupukusa mutu ngati adokotala.

"Nkhuni mumagula kwa yani?"

Ndinawauza.

"Ndinadziwa. Nkhuni zaulesi zimenezo. Phulusa lake nalonso laulesi."

Ndinasintha wogulitsa nkhuni. Amuna anga atanena kuti nkhalambayi ikungotiseweretsa, ndinawakwiyira masiku awiri osawayankhula, poikira kumbuyo Aphulusa. Zimenezi ndi zomwe zimandiwawa kwambiri.

Aphulusa anadwala masiku anayi okha n'kumwalira. Patapita sabata chiwaikireni m'manda, akazi awo anatipempha kuti tikawathandize kuchotsa katundu m'shedi. Atelala atakankha chitseko, tonse tinayamba kutsokomola. Matumba okhaokha mpaka kudenga, oposa makumi anayi, omanga bwinobwino pakamwa. Lililonse linali lolembedwa ndi khala: "Atelala." "Aphunzitsi." Pamatumba anga analembapo kuti "Aneba aukali."

"Mayi," anatero aphunzitsi, "ili ndi phulusa lathu?"

"Lanu lomwe. Lina linakwiriridwa kuseri uko, malo atatha."

"Nanga kudimba ankathira liti?"

"Kadzanja kamodzi pachaka, mozungulira kabichi chifukwa cha nkhono. Ankati likachuluka limawotcha mbewu."

"Ankadziwa?" ndinakuwa, kuiwala kuti ndikuyankhula ndi namfedwa.

"Kudziwa ankadziwa. Zokulitsa mbewuzo ndi zitosi za nkhuku za achimwene anga. Zinkabwera Lachiwiri lililonse m'wilibala yomweyo, pamwamba atawaza phulusa."

Atelala anakhala pansi pathumba la dzina lawo. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuwavalanso. Ine ndinakumbukira Lachiwiri lina pamene ndinawathandiza kukankha wilibalayo pamtunda, ndikudabwa kuti phulusa lalero likununkha chiyani, iwo n'kundiyankha kuti lamphamvu limatero.

"Koma tinawalakwira chiyani?" ndinafunsa.

Mayiwo anapukuta manja pachovala chawo, osafulumira.

"Atapuma ntchito anakhala pakhonde paja miyezi itatu. Nonse munkadutsa, kungoimika dzanja. Tsiku lina anapita kukapempha phulusa kwa atelala, anabwerako masana akuseka. Akanakuuzani kuti kadzanja kamodzi n'kokwanira, mukanawatsegulira geti kangati pachaka?"

Tinanyamula matumbawo mwakachetechete, aliyense lake.

Dimba langa linachira. Ndimathira kadzanja kamodzi, zina zonse zitosi, ndipo tomato akubereka mpaka nthambi kugwa. Ndikamamuthyola ndimakwiya kuposa kale, chifukwa munthu woti ndikamuponyere mmodzi pamphumi kulibe.

Msewu wathu uli ndi nyumba khumi ndi zinayi, ndipo palibenso amene amalowa zonse m'mawa umodzi. Mageti amatsegulidwa popita kuntchito, n'kutsekedwa. Mwezi watha atelala anaterereka m'bafa, anathyoka mwendo, n'kugona kuchipatala masiku asanu ndi anayi. Nyumba yawo ndi yachitatu kuchoka pa yanga. Ndinazimva atatuluka kale, kwa kondakitala wa basi.