Switch ya pa Ukwati wa Lusiya

Lolemba
Loweruka ndi ukwati wa mlongo wanga Lusiya ku Chimadzi. Zolimbirana mipando zithe! Ndikulemba kapulogalamu pa telefoni: mlendo akatchula mbali yake, switch, kachigawo kosankha yankho potengera nambala, izimuuza pokhala. Case 1, akuchikazi. Case 2, akuchimuna. Case 3, ampingo. Default, yense wotsala: panja, pansi pa mtengo.
Shefi, bwana wa alamu anga okwatirawo, wa malole a malasha ku Moatize, abwera. Akufuna munthu wodziwa makompyuta. Akangoona izi, dipuloma yanga ituluka m'sutukesi.

Lachiwiri
Ndikuyesera pa amayi. Telefoni ikuti akhale kuchikazi, kuchimuna, kumpingo, komanso panja. Ndaiwala break, kamawu koimitsa switch ikapeza yankho. Amayi: "Mwanawe, ine ndili ndi thupi limodzi."

Lachitatu
Break yalowa. Kwabwera azakhali a ku Canongola. Ndi mlongo wa atate, anakwatiwa kwa malume a mkwati, amaimbanso kwaya. Switch imalandira nambala imodzi basi. Azakhali: "Ndikasankha mbali, wina andinena." Case 4: azakhali.

Lachinayi
Zowonjezera: anzawo a alamu osadya nkhumba, agogo osamva bwino, ofunika kukhala pafupi ndi sipika, madala awiri osalankhulana chibwerere ku Malawi chifukwa cha nkhani ya njinga. Ndafika case 19. Dziko lino lidzasintha liti?

Lachisanu
Lole ya abale a ku Angónia yafika, palibe ndi mmodzi yemwe pa lista. Onse default. Malume: "Ulendo wonsewu, iwe ukawayanike padzuwa?" Case 20.

Loweruka
Ndili pachipata, mzere mpaka kumsewu, telefoni ikuotcha dzanja. Azakhali akulowetsa anthu kumbuyo, kuwakhazika ndi chala chokha. Kwa ine kwafika bambo wa masilipasi.
"Mbali iti, bambo?"
"Ayi, ndangoitanidwa."
Default. Akuthokoza, akupita kumtengo.
Mpunga utatha, alamu akundinong'oneza: "Kodi shefi simunawaone? Savala nsapato, mapazi amatupa."

Lamulungu
Shefi anadyera pa njerwa, pamodzi ndi oyendetsa matxopela, tinjinga tamoto ta mateyala atatu tonyamula anthu. Sanakwiye. Akuti pulogalamuyo ilibe cholakwa, inachita zomwe inauzidwa. Kenako anafunsa za mayi amene anakhazika khamu lonse lija popanda pepala, akufuna kuwalemba ntchito. Azakhali akuti aganizira kaye, pakuti Lachinayi amakhala ku kwaya.
Ine ndikubweza mipando kutchalitchi, inayiinayi pamutu. Break ndidzipatsa ndekha masana.