Pulagi Yachinayi ya a Hronakis

Nzeru yonse inabadwira pakabala ka mai Evanthia, pansi pa mtengo waukulu wa pabwalo, botolo la raki, kachasu wathu wa mphesa, litafika pakati. Kuno kumapiri a Krete nzeru zathu zambiri zimabadwira pamenepo, n'chifukwa chake zimabadwa zikutsimphina kale.

Anali atatu. Panali Sifis, amene ankadzitcha Jenerale ngakhale ku usilikali ankangosenda mbatata. Panali Pavlis, amene tonse tinkamuti Chimimba pa zifukwa zoonekeratu. Wachitatu anali Manousos, makaniko wopanda galaja, wodziwika ndi dzina loti Dokotala. Galaja yake inapita ndi raki, mkazi anapita ndi galajayo, koma chinthu chimodzi chinamutsalira: chibadwire anali asanathyolerepo pulagi mu injini ya munthu. Zimenezi ankazinena pa ukwati, pa ubatizo, ngakhale pamaliro.

"Tcherani khutu, anyamata," anatero Jenerale, akujambula mapu patebulo ndi chala chonyowa. "Mawa a Hronakis akupita kudoko ndi mafuta a maolivi. Zitini zodzaza pikapu mpaka pamwamba. Mdala uja amapakira m'mawa, amadya, amagona, n'kunyamuka dzuwa likapepa. Ife tilowa iye ali pankonono."

"Masanasana?" Chimimba anadabwa. "Mbava zenizeni zimaba usiku, aise."

"Usiku wake uti? Usiku kuno aliyense ali maso, akukangana za mpira. Masana ndiye mudzi umafa. Ndi agalu omwe."

"Nanga kiyi?" anafunsa Manousos.

"Imakhala momwemo. Ndani angabe galimoto ya a Hronakis?"

Onse anaseka mpaka kutsamwa, n'kuitanitsa botolo lina pokondwerera chuma chimene anali asanachikhudze n'komwe.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo, mazenera onse atatsekedwa, analowa pabwalo la a Hronakis monyang'ama. Pikapu inali pomwepo, yatheratu ndi ukalamba, itaweramira kumbuyo ndi katundu. Manousos anakhala pachiwongolero, awiriwo n'kukankha. Msewu wochokera kwa a Hronakis ndi wotsetsereka, choncho ankati aitsetseretse mwakachetechete n'kukailizira kutali.

Chimene Jenerale sanachijambule pamapu ake n'chakuti galimotoyo inali ikudwala. M'mawa womwewo a Hronakis anali ataitukwana mpaka mawu kusasa, n'kuuza akazi awo kuti aitane makaniko. Mayiwo anayankha kuti lamya siluma, aitane okha. Aliyense anakagona akudziwa kuti mnzake agonja.

Atatalikirako ndi nyumbayo, Manousos anapotokola kiyi. Injini inatsokomola, inabuula, inatsokomolanso, kenako zii. Pikapu inayenda yokha pang'onopang'ono n'kukaima pakati penipeni pa bwalo la mudzi, mphuno italoza tebulo lomwe lija anapanganiranapo.

"Mapulagi," anatero Manousos, ngati sing'anga amene wamva chifuwa cha mwana. Anatsika, thumba la masipanala lili kale m'manja.

"Dokotala, usatsegule boneti!" Jenerale ananong'ona, maso ali tong'o. "Ndakupempha, usatse..."

Kweee.

Apa ndiyenera kuulula matenda athu. Mwamuna wa m'mudzi muno atha kugona chivomezi chikugwedeza nyumba, mkazi akumukalipira, mbuzi zikudya malaya ake pachingwe. Koma boneti ikangolira, amadzuka. Sitidziwa kanthu za injini, ambirife ndi njinga yomwe imatikanika, koma boneti yotsegula sitingaidutse osapereka malangizo.

Mapulagi atatu anatuluka mosavuta, akuda bii ndi mwaye. Manousos anawapala, anawapukuta, n'kumupatsa Jenerale kuti awasunge m'chipewa. Yachinayi, ya kumapeto kwenikweni, inakana. Anayesa pang'ono chabe, n'kumva m'dzanja mwake kuti dzimbiri lamanga mazinga. Anachotsa dzanja msanga. Pulagi yotere ukaikakamiza imathyokera m'kati, ndipo ikatero ndiye kumasula mutu wonse wa injini.

Atadzutsa mutu anapeza wometa tsitsi, a Fanouris, ataima pambali pake ndi vesiti, tsaya lili ndi mizere ya pilo. Kumbuyo kwawo kunali wansembe akumanga mabatani a mkanjo, ndipo zitseko zina zinali zikutseguka.

"Thirapo viniga," anatero wansembe.

"Viniga wa chiyani, abambo? Raki! Raki imamasula chilichonse."

"Imenye ndi hamala iphunzire ulemu!"

"Zonsezo n'zachibwana," anatero a Fanouris. "Lowetsa paipi yaitali kusipanalako, tikoke tonse kamodzi. Ndili nayo kushopu."

"Mukagwira injini iyi ndi paipi yanuyo, madala, ndikumetani ndi lumo lanu lomwe," anatero Manousos.

Anauzira fumbi lonse lozungulira pulagiyo kuti lisagwere m'kati. Anatulutsa kabotolo ka mafuta opyapyala osungunula dzimbiri, anadontheza m'mbali mwake, n'kupinda manja.

"Ndiye pano tikutani?" Jenerale anafunsa.

"Tikudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ya ambuyako! Isiye, titsetsereke mmodzimmodzi, palibe amene wazindikira."

Manousos anayang'ana msewu. Unali wotseguka, ndipo kumusi kwa tchalitchi kuli kanjira kolowera m'munda wa maolivi komwe munthu amasowa ngati madzi pamchenga. Mtima wake unkafuna kuthawa, asanamize munthu. Koma anayang'ananso a Fanouris, amene anali atatuma kale munthu kukatenga paipi ija.

"Ndikangochoka, wometayu aithyola," ananong'ona. "Ndipo mudzi sudzati Fanouris anathyola. Udzati Dokotala ndiye anayamba kuigwira. Ine kundende ndingapite, koma zimenezo ayi."

Jenerale akanatha kuthawa yekha, koma nthawi yomweyo panatulukira Lefteris, wapolisi wathu mmodzi yekhayo, kabudula wa kunyumba kumusi, chipewa cha boma kumutu. Anamugwira Jenerale paphewa mwachikondi n'kunena kuti, "Sunthako pang'ono, mphwanga, ndimuunikire." Anayatsa tochi yake ya ntchito ndipo dzanja lija sanalichotse paphewapo. Chimimba naye anali atakodwa. Kachitsulo kochirikiza boneti kanali kothyoka, ndiye iye ndi amene ankainyamula ndi manja awiri, mutu wa wansembe uli pansi pake. Mai Evanthia anabwera ndi mbale ya tchizi n'kumamudyetsa m'kamwa ngati mwana wa njiwa.

Kenako anthu anapatuka. A Hronakis anali akutsetsereka, ndevu zili nyankhalala, akazi awo pambuyo. Jenerale anatsinzina n'kuyamba kupemphera chamumtima. Mdalayo anayang'ana galimoto, anayang'ana Manousos, n'kucheukira akazi awo ndi nkhope ya wopambana. Mayiwo anawabwezera nkhope yomweyo.

"Mwachita bwino kuitsitsira pamthunzi, ana anga," anatero a Hronakis. "Ikatuluka yamoyo imeneyo, aliyense chitini chake."

Manousos sanamve n'komwe. Anakhazika sipanala chilili, osapendekeka ngakhale pang'ono, n'kukoka ngati akuopa kudzutsa khanda. Pulagi sinasunthe. Anaibweza ngati akumanga. Anadonthezanso mafuta. Anadikira. Anakokanso. Kwii. Kanthu kakang'ono zedi.

"Yagwedera!" anafuula wansembe, n'kujambula mtanda.

"Khalani chete, abambo!"

Anaipotokola pang'ono, n'kuibweza, mafuta, kupotokolanso, kubwezanso. Thukuta linkadontha pachibwano. Pomaliza Manousos anaika sipanala pansi, n'kumaliza ndi zala, ndipo anaitukula m'mwamba: yathunthu, mazinga onse ali m'malo mwake.

Bwalo linaphulika. Amuna akuluakulu anakumbatirana ngati ndi iwo aichotsa. A Hronakis anamupsompsona Manousos masaya onse awiri. Jenerale anatsegula maso n'kuona kuti apulumuka, ndiponso apita kwawo ndi mafuta opatsidwa pamaso pa wapolisi. Anangotsala pang'ono kulira.

Koma a Fanouris, paipi yawo ili m'manja yopanda ntchito, anafwenthera kumbali.

"Palibe chodabwitsa apa," anatero mokweza. "Munthu wopanda kothamangira, ali phee pamthunzi tsiku lonse, ngakhale ine ndikanaichotsa."

Magazi anamukwera Manousos kumutu.

"Ali phee? Ine ndinali phee? Inu a Fanouris, munachotsapo pulagi m'galimoto yakuba, mwini wake ataima apa, wapolisi akukuunikirani, uyu akukulirirani m'khutu kuti tiyeni tithawe? Munachotsapo? Yesani kaye, ndiye mudzayankhule!"

Wansembe anatulutsa mutu wake pang'onopang'ono. Chimimba anataya boneti. Phwaa! Lefteris anazimitsa tochi, ndipo dzanja lija linali paphewa la Jenerale linasiya kukhala lachikondi.

"Si iwe unawaitana?" anafunsa a Hronakis.

"Ine ndimayesa ndinu," anayankha akazi awo.

Vuto linali limodzi. Polisi ili kutauni kumusi, ndipo Lefteris alibe galimoto. Maso onse anatembenukira ku pikapu, imene mapulagi ake anali akadali m'chipewa. A Fanouris anapinda manja a vesiti imene inalibe manja n'kutola sipanala.

"Bwana, unyolowo dikirani nawo kaye," Manousos anachonderera. "Uyu apinda mazinga. Chonde."

Anamulola. Anabwezera mapulagi onse, kuyamba ndi zala, kumaliza ndi sipanala mosakakamiza. Atatha anapukuta manja n'kuwapereka yekha ku unyolo. A Hronakis anangokhudza kiyi, injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, mosalala ngati yogula dzana.

Anatsetsereka phiri atakhala pamwamba pa zitini, Lefteris pakati pawo. Jenerale ankatukwana mizimu ya makolo a Manousos mmodzimmodzi. Chimimba ankafunsa ngati m'chitokosi amapereka chakudya chamadzulo. Manousos yekha anali atapendeketsa mutu, khutu kutsogolo, akumwetulira ngati mkwati.

"Tatontholani, anyamata," anatero. "Tamvani mmene ikuyakira. Zonse zinayi!"