Sekuru Filimoni ndi Filiji Yakuda

Sekuru Filimoni analibe nsidze. Ndiyambe ndi zimenezi chifukwa aliyense wa kwathu ku Fairbridge Park, mumzinda wa Mutare, amene mungamufunse za iwo ayambira pomwepo. Sikuti anabadwa choncho ayi. Nsidze zinkamera ndithu, koma zikangoti zayamba kuoneka, iwo ankapita kukasuzumira moto wa winawake, n'kubwerako pamphumi pali see ngati dzira.

Anali amalume awo a amayi anga, ndiye tonse tinkawaitana Sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona. Anatha zaka makumi atatu akusonkhezera moto m'mabalani owumitsiramo fodya ku Burma Valley, kufupi ndi Mutare. Mafamu atalandidwa, mabalani aja anasanduka makola a mbuzi, Sekuru n'kubwera kudzakhala m'kanyumba ka kuseri kwathu ndi sutikesi imodzi, chitsulo chotakasira moto, ndi khutu lawo lakumanzere. Khutu limenelo ndilo linali chuma chawo. Choyezera kutentha chilichonse ankachinyoza. Ankangoyandikiza khutu pa chitsulo, n'kutsinzina, n'kulengeza kuti, "Kwatsala nkhuni ziwiri." Mwana akatentha thupi, azimayi ankayamba adzera kwa Sekuru kuti amuike khutu pamphumi asanapite naye kuchipatala. Lamulungu lina anauza abusa athu pakhomo la tchalitchi kuti ulaliki wawo wazirala, ukufunika chikuni.

Ndiye pa ukwati uliwonse wa anthu athu ochokera ku Malawi, pa maliro, pa ubatizo, kuyambira ku Sakubva mpaka ku Dangamvura, kuwotcha nyama inali ntchito ya Sekuru. Panalibe wowapempha. Ankangotulukira ndi dilamu yodula pakati atayikweza pa wilibala, anthu n'kuwapatsa njira.

Ine ndinabwerera ku Mutare mu 2019 nditakhala zaka zisanu ndi zinayi ku Texas, komwe ndinaphunzirako zinthu ziwiri: kudandaula intaneti ikachedwa, ndi kuphika nyama ndi utsi pang'onopang'ono. Ndisananyamuke ndinatha miyezi itatu ndikusankha chowotchera choti ndibwere nacho. China chinkafuna munthu woti azichiyang'anira tsiku lonse, ine sindine wodekha choncho. China chinkadya timibulu ta utuchi tomwe ku Mutare simungatipeze ngakhale mutasala kudya. Ndinasankha cha makala wamba, omwe aja a m'matumba a m'mphepete mwa msewu. Ndi bokosi lachitsulo lakuda, lalitali kufika pachifuwa. Pambali pake pali chumuni chomwe umadzazamo makala n'kuyatsa pansi. A pansi akapsa, a pamwamba amatsika okha. Kafani kamagetsi kamakankhira kutentha ndi utsi kunyama, ndipo foni imakuuza mmene mwatenthera mkatimo.

Tsiku limene linafika, Sekuru analizungulira katatu manja ali kumbuyo.

"Iwe Amereka," ndilo dzina anandipatsa, "filiji yakudayi ndi ya chiyani?"

"Si filiji, Sekuru. Ndi chowotchera nyama."

"Wosonkhezera amakhala pati?"

"Palibe. Makala amatsika okha."

"Okha? Amawaitana ndani?"

"Kulemera kwawo basi."

"Nanga munthu amachita chiyani?"

"Amapuma."

Anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Mdzukulu, munthu wopuma moto ukuyaka ndi amene nyumba yake inapsa kale."

Loweruka lake ndinaikamo nthiti za ng'ombe. Lamulo la chipangizochi ndi limodzi lokha: usatsegule chitseko, kutentha kungathawe. Ndinawafotokozera m'Chichewa changa chopunduka, ndinabwereza m'Chishona, anagwedeza mutu konse kuwiri. Nditangolowa m'nyumba, foni inalira. Kutuluka, ndinawapeza mutu uli m'bokosi.

"Ndikuona ngati nyama sinathawe."

Anatsegula kakhumi ndi kanayi tsiku limenelo, ndipo ulendo uliwonse foni inkawaulula. Pofika masana anali atadana nayo. "Kafoni kakoka ndi kakazitape. Ku famu tinali naye kapitawo wotere, anachoka wopanda mano."

Nthiti zitapsa, anaona kamzere kofiira kamene utsi umasiya m'mphepete mwa nyama, n'kuitana amayi. "Rhoda, tabwera udzaone! Maola asanu ndi limodzi, ng'ombe ikadali ndi magazi!" Anadya nthiti zisanu ndi zinayi, ati kuteteza ana kuti asatsegule m'mimba.

Patapita milungu iwiri ndinawotcha nkhuku, tinaitana abusa. Amayi ataluma kamodzi anayamba kutsokomola. Abusa, amene anasiya kusuta mu 1988, anatafuna mwakachetechete, maso atalengeza misozi, kenako n'kupempha mwendo wina. Nditasuzumira m'bokosi ndinapeza tsamba limodzi lachikasu litakanirira kudenga. Kani Sekuru anali ndi mitengo khumi ndi iwiri ya fodya kuseri kwa kanyumba kawo, ndipo ine ndikapita m'tauni, ankapachika masamba m'chowotchera changa.

"Ndimati ndione ngati filijiyi ingagwire ntchito yeniyeni."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Tsamba latuluka bwino," anavomera monyinyirika. "Koma ilibe khalidwe."

Kenako unafika ukwati wa mchemwali wanga Vimbai, amene ankakwatiwa ndi Tatenda, mnyamata wa ku Bvumba. Amayi anagamula kuti nyama iwotchedwe ndi bokosi langa. Sekuru akalamba, avale suti, akakhale pa tebulo la akuluakulu. Vimbai anawonjezera lake: asayandikire moto milungu isanu ndi umodzi, akufuna zithunzi zokhala ndi Sekuru wa nsidze. Wokawauza ndinali ine.

Anamvetsera akupukuta chitsulo chawo chija. "Ku Burma anandichotsa pamoto anthu obwera ndi nyimbo ndi ng'oma," anatero. "Kuno wandichotsa mdzukulu wobwera ndi bokosi. Bola aja ankaimba." Anaseka, ine ndinasekanso, koma dilamu yawo anayitembenuza chafufumimba tsiku lomwelo.

Nsidze zinameradi, zokhuthala ngati mphalabungu. Galu wathu anawauwa. Mayi wina wa ku Sakubva anawafunsa ngati ali mng'ono wake wa Filimoni.

Tsiku la ukwati ndinadzaza chumuni ndi makala m'mawa, n'kuikamo miyendo isanu ndi umodzi ya mbuzi ndi nthiti zosawerengeka. Alendo zana ndi makumi awiri amayenera kudzadya pabwalo pathu 2 koloko. Itakwana 9, tikukwera galimoto kupita kutchalitchi, magetsi anathima. Chinali chaka chija magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Kafani kanaima. Foni inangoti zii. Jenereta ya aneba inalibe mafuta, mwini wake anali pamzere wa petulo kuyambira Lachinayi. Ine amene ndinasankha chowotchera miyezi itatu, ndikuyerekeza ichi ndi icho, sindinaganizeko n'kamodzi komwe kuti chimafuna magetsi a ku Texas.

"Maiwe!" anatero amayi. "Apongozi adya chiyani, utsi?"

Chitseko cha galimoto chinatseguka. Sekuru anatsika, anavula jekete, n'kundipatsa ngati ndine msomali wa pakhoma.

"Kafani kako kamapumira pati?"

Ndinawaonetsa. Anakamasula ndi mpeni, panatsala bowo. Anang'amba katoni imene inabwera ndi keke, anakhala pa kireti, n'kuyamba kukupiza. Khutu lakumanzere analigunditsa pa bokosi, maso atatsinzina.

"Rhoda, pitani mukakwatitse mwana. Amereka atsale aziphunzira."

Anakupiza maola asanu. Nthawi zina mwamphamvu, nthawi zina ngati akuthamangitsa ntchentche pankhope ya khanda. Ankalankhula ndi makala m'chumuni muja: "Tsikani, tsikani, musakankhane." Itakwana 12 mtima unandikanika, ndinagwira chitseko kuti ndione nyama. Chitsulo chotakasira moto chinatera pa zala zanga.

"Usatsegule! Ukufuna kutentha kuthawe? Anakuphunzitsani chiyani ku Amerekako?"

Nyama inapsa ndendende. Inkachoka yokha pa fupa. Atate ake a Tatenda anafunsa ngati mbuzizo zinaleredwa ndi mkaka wa m'chitini. Wojambula zithunzi atayamba kuitana achibale, Sekuru anavala jekete, anakonza tayi, kenako anaima.

"Dikirani. Ndione kamodzi kokha ngati amatsikadi okha."

Pali lamulo lachiwiri limene ndinaiwala kuwauza: chivundikiro cha chumuni sutsegula moto ukuyaka. Mpweya ukalowa, lawi limakwera. Tinangomva fuu! Vimbai anakuwa. Sekuru anatembenuka, pamphumi pakufuka, akumwetulira mano onse.

"Amatsikadi okha!"

Pa zithunzi zonse za ukwati umenewo ali wopanda nsidze, ndipo ndi iwo okha akuoneka osangalala kuposa mkwatibwi.

Kafani sikanabwererenso pa bokosi. Anakapachika m'chipinda mwawo kuti kaziwapepesa mphepo mwezi wa Okutobala, ati ndiyo ntchito ya msinkhu wake. Kuyambira pamenepo filiji yakuda inkayenda pa ngolo yokankha kupita ku maukwati a ku Sakubva, Sekuru patsogolo ndi katoni kukhwapa. "Makala atsike okha, zilibe kanthu," ankauza anthu. "Koma mpweya ndi wa munthu."

Anatisiya mu Juni 2022, atagona miyezi iwiri chifuwa chikuwavuta. Miyezi iwiri osaona moto, nsidze zinameranso. Pa tsiku loona nkhope, azimayi a ku Sakubva ankadutsa pa bokosi la maliro akulira, koma mmodzi anaima, anawerama, n'kunong'oneza amayi kuti, "Mai Vimbai, mwatenga munthu wolondola kuchipatalako?" Amayi anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo atakhala pansipo ndi pamene analira zenizeni.

Kafani ndinakabwezera. Ndinagulanso batire lake, magetsi azithima mmene angafunire. Chowotchera chimagwira ntchito ngati mmene anachipangira. Palibe wotsegula chitseko, foni siulula munthu, nkhuku zimamveka nkhuku. Ine ndimakhala pa kireti n'kumapuma, monga ndinalonjezera, ndipo kuseri kwathu kuli zii moti umamva makala akutsika. Mwana wa Vimbai atatentha thupi mwezi watha, ndinamuona mayi wake akuyang'ana ku kanyumba kaja kaye asanafunefune makiyi a galimoto.

Loweruka lapitali ndinayesa kugunditsa khutu pa bokosi. Linangopsa, silinandiuze kanthu. Ndiye ndinati ndione kamodzi kokha, n'kukweza chivundikiro cha chumuni. Ndinangomva fuu!

Nditalowa m'khitchini, amayi anandiyang'ana nthawi yaitali pamphumi, pali see ngati dzira. Sanandikalipire. Anangonyowetsa kansalu n'kundipatsa, akuti, "Khala pansi, Filimoni."