Zigamba pa Tsamba la Makina Oswera Mtedza

Lolemba
Tsamba la pa intaneti latha! Mlimi wa kalabu yathu kuno ku Nsaru azingotsegula pa foni, kudina kalendala, n'kusankha tsiku lobwereka makina oswera mtedza. Mikangano ya "ndinayamba ndine" ithere pomwepa. Ndalonjeza a Chimphepo, atcheyamani athu, kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndiwerenga ndandanda. Digiri ija iyambe kuoneka.

Lachiwiri
Pa foni yanga kalendala ikutuluka bwinobwino. Pa ya a Chimphepo, kabokosi koyera mbee! Bulawuza yawo, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ndi yakalekale, kalendala yamakonoyi siyiidziwa. Iwo: "Mwana wanga, kapena yafuna kutchaja?" Palibe vuto. Kuli timapulogalamu tomwe timaika ngati chigamba, tophunzitsa bulawuza yokalamba zomwe siidziwa. Ndasoka choyamba.

Lachitatu
Kalendala yadzuka, batani lotumizira lagona. Chigamba chachiwiri. Icho chikufuna chachitatu kuti chigwire. Mwano wake!
Mafoni oyesera:
ya a Chimphepo;
ya a Nabanda, yomanga ndi mphira;
ya a Yusufu apagolosale, yokhayo yolemekeza maphunziro anga.

Lachinayi
Zigamba zisanu ndi ziwiri. Tsamba lalemera ngati thumba la feteleza. Pa foni ya a Nabanda likungozungulira, kuzungulira, mpaka bandulo psiti. "Inu a ku yunivesite, mwandidyera bandulo yoyankhulira ndi mwana wanga wa ku Joni." Ndapepesa. Ine, kupepesa pamaso pa foni yomanga ndi mphira!

Lachisanu
Zatheka pa mafoni onse atatu! Ndavina ndekha. Kenako ndatsegula ndandanda: anthu khumi ndi anayi, aliyense dzina lake Yusufu. Onse akulembetsera pa foni yapagolosale, ndipo tsamba langa lanzerulo limakumbukira dzina la woyamba. Nzeru imeneyo ndinaiikamo ndekha.

Loweruka
Ndafunsa chifukwa chake. Eti ambiri mafoni awo ndi amabatani, bulawuza mulibiretu. Ungasoke chigamba pa malaya omwe kulibe? Mawa ndiye tsiku lowerenga ndandanda. Njinga, kope, bolopeni. Khomo ndi khomo mpaka dzuwa kupendeka. Agalu awiri andithamangitsa, munga umodzi m'tayala.

Lamulungu
Ndawerenga ndandanda kuchokera m'kope. Wokangana palibe. A Chimphepo aimirira: "Mwaiona intaneti, anthuni? Imachita kukupezani pakhomo, panjinga!" Anthu m'manja phuphuphu. Agwirizana kuti ndizitero chaka chilichonse.

Chigamba chachisanu ndi chitatu ndine. Chikugwira pa foni iliyonse. Miyendo yokha ndiyo ikuwawa.